Lebulo lokakamira pabotolo: tisindikize papepala kapena papulasitiki?

LACHIWIRI

Nachisale (uchi, Ntchisi):
Mwadzuka bwanji nonse. Ndabwera ndi vuto, ndigawireniko nzeru. Uchi wanga ndimaika m'mabotolo agalasi, ndipo makasitomala ambiri a ku Lilongwe amandibwezera mabotolo uchi ukatha, ine n'kuwachotserako pang'ono pamtengo. Dzulo ndinakhala pamphasa ndi mabotolo 60 oti nditsuke. Kuyambira 2 koloko mpaka dzuwa kulowa ndinamaliza 19 okha. Sitika ija imakana kuchoka. Ukaikoka imatamuka ngati chingamu, ikachoka guluu amatsalira, ukapala ndi mpeni amangofalikira, fumbi n'kumatirirapo botolo n'kuda bii. Mwana wanga anati tiyese parafini, ine ndinakana, fungo lake lingatsalire n'kulowa mu uchi. Zomatulazo ndinakaziponya pamoto kuseri kwa khitchini, utsi wake unandikanda kukhosi usiku wonse. Malebulo atsala ochepa, mwezi uno ndiyenera kusindikiza ena. Kodi ulipo mtundu wina wosavuta chonchi, woti ukatayidwa suwononga malo?

Make Tadala (chiponde, Kasungu):
Tadzuka achemwali. Pa mabotolo 41 atsalawo, pakani mafuta ophikira osakaniza ndi soda pomwe pali guluupo, musiye theka la ola, kenako mutsuke ndi sopo ndi madzi ofunda. Amachoka. Koma funso lanulo nanenso ndikudikira yankho lake, chifukwa ndimasindikiza sitika zomwezo.

Nachisale:
Zikomo make Tadala, ndiyesa madzulo ano.

A Phiri (osindikiza, Limbe):
Amayi Nachisale, mmene mwafotokozeramo, kutamuka ndi utsi wokandawo, palibe kukayika, anakusindikizirani pa vinyl. Ndiyankhula poyera ngakhale ndi ntchito yanga yomwe. Ambiri a ife makina athu aakulu ndi osindikizira mabanala ndi zomata pagalimoto ndi pamawindo a sitolo. Munthu akabwera kuti akufuna malebulo 300, njira yachidule ndi kuwaika pa mpukutu womwewo wa vinyl, makina n'kudula. Vinyl ameneyu ndi pulasitiki ya PVC, ndipo guluu wake anamupanga kuti agwire pachitseko cha minibasi zaka zingapo, padzuwa ndi pamvula. Ndiye tangoganizani chinthu chopangidwira minibasi chikuikidwa pabotolo la uchi loti litha m'masabata atatu.

PVC ili ndi chlorine wambiri. Mukaiwotcha imatulutsa mpweya umene ukakumana ndi chinyontho cha m'mphuno ndi kukhosi umasanduka asidi. N'chimene chinakukandani. Komanso moto wapadzala si wamphamvu, umangofuka, ndipo moto wotere ndi umene umatulutsa poizoni wotchedwa dioxin. Musadzawotchenso, makamaka pafupi ndi ana.

Anambewe (sopo, Area 25):
A Phiri, koma ine wondisindikizira anandiuza kuti makina ake ndi a eco-solvent, ndiye kuti zonse zili bwino ku chilengedwe. Anandinamiza?

A Phiri:
Sindinganene kuti ananama, mwina nayenso anangomva choncho kwa amene anamugulitsa makinawo. Dzina limenelo ndi la inki basi. Likutanthauza kuti inkiyo ilibe fungo loboola mutu ngati inki yakale ija, moti munthu atha kugwira ntchito m'chipinda osakomoka. Koma chimene inkiyo ikugwerapo ndi PVC yomweyo.

Mundilole ndiwonjezere ichi, chifukwa anthu akabwera kushopu amangofunsa kuti pepala kapena pulasitiki. Sitika ili ndi zinthu zinayi, nthawi zina zisanu. Pali chapamwamba chimene mumachiona, pali inki, pali guluu, pali pepala loterera lakumbuyo lija mumatula n'kutaya, ndipo ena amaonjezera kapulasitiki kowala pamwamba, laminesheni. Mutha kusankha pepala labwino kwambiri, koma mukaikapo laminesheni ndi guluu wosachoka, mwabwerera pomwe munali.

Achimwene a tsabola (Zomba):
Ine ndiyankhule mosiyana, mundikhululukire akuluakulu. Chaka chatha ndinayesa malebulo apepala pa tsabola wanga wa kambuzi. Botolo likatuluka m'filiji limachita thukuta, pepala lija linakwinyika, inki n'kuyenderera, dzina langa osawerengekanso. Mwini sitolo ina anandibwezera makatoni awiri athunthu, akuti katundu akuoneka ngati wagona pamvula. Ndalama imeneyo sinabwerere. Chiyambireni vinyl palibe wandibwezera. Nkhani ya chilengedwe ndimaimva, inenso mtsinje wa Likangala ndimauona mmene umadzazira zinyalala, koma ana anga amadya kuchokera m'botolo limenelo. Lebulo ndi kanthu kakang'ono ngati chikhatho cha mwana, si limene likutseka ngalande.

Make Tadala:
Apa achimwene anena zoona. Ine vuto langa ndi mafuta. Chiponde chikangodontha pang'ono, pepala limamwa mafuta n'kuchita banga looneka ngati pepala lokulungira mandasi.

Wakujoni (Johannesburg):
Ndaswera bwino abale, ndangoweruka kumene, ndawerenga zonse. Ine si wamalonda ngati inu, ndinalowa pagulu pano chifukwa cha mlongo wanga, koma nkhaniyi ndi ntchito yanga ya tsiku ndi tsiku. Ndimagwira pamalo pomwe amagaya mabotolo apulasitiki akale kuti apangire atsopano. Achimwene a tsabola, botolo lanu ndi lagalasi kapena lapulasitiki? Litembenuzeni muone kunsi, pali kachizindikiro ka makona atatu kokhala ndi nambala pakati.

Achimwene a tsabola:
Lapulasitiki. Pali 1.

Wakujoni:
Ndiye ndi PET, chimodzimodzi mabotolo amadzi akumwa. Tsono mudabwa ndi chimene ndinene: pabotolo lanulo, lebulo lapepala si labwino. Munachita bwino kulisiya. Koma vinyl ndiye woipitsitsa. Choyenera inu ndi pulasitiki ina yotchedwa PP, nambala 5, ena amaitcha BOPP.

Ndifotokoze mmene zimayendera kuno. Mabotolo akafika amagayidwa kukhala tizidutswa ngati makoko a mtedza. Tizidutswato timatsukidwa m'madzi otentha a soda wamphamvu wa m'mafakitale, osati wophikira uja, kenako timalowa m'thanki yaikulu yamadzi. PET imalemera kuposa madzi, imamira. Zotsekera ndi malebulo a PP ndi zopepuka, zimayandama, makina n'kuziwengula pamwamba monga mmene amayi amayengulira mankhusu potsuka mphale. Kusiyanitsa kwake n'komweko, madzi okha. Tsono PVC nayonso imamira. Imapita limodzi ndi PET mpaka kokasungunula, ndipo PET imasungunuka pa madigiri oposa 250, kutentha kumene PVC imapserera. Zotsatira zake ndi timadontho takuda ndi mtundu wachikasu m'pulasitiki yatsopano. Kachidutswa kochepa kamaononga katundu wambiri. Ndaonapo matumba akuluakulu akukanidwa chifukwa cha zimenezi.

Pepala nalo limasungunuka m'madzi otentha aja n'kukhala phala, tiulusi take timamatirira pa tizidutswa, tina timapita kukapserera komweko.

Koma PP yokha sikwanira. Guluu wake akhale wosiya botolo akalowa m'madzi otentha a soda, pogula mumati wash-off. Guluu akakakamira, lebulo limamira limodzi ndi kachidutswa kake ngakhale lili lopepuka. Kuno bungwe la PETCO, loona zotolera ndi kugaya mabotolo a PET, limene linayamba 2004, limalangiza makampani za zimenezi, ndipo kuyambira 2021 malamulo a South Africa amati wopanga katundu azisenza nawo udindo wa zolongedzera zake zikatayidwa.

Achimwene a tsabola:
Ndamva akulu, ndipo ndaphunzirapo. Koma ndifunse mosabisa: botolo langa lidzafika liti ku thanki yanuyo? Kuno botolo likatha tsabola, mayi amatsuka n'kuikamo mafuta ophikira oyeza, kapena mwana amatengera madzi kusukulu. Likabooka limapita kudzala.

Wakujoni:
Funso lanu ndi lolunjika ndipo sindingalizembe. Ambiri sadzafika. Alipo anthu otola mabotolo, pitani kotayira zinyalala ku Mzedi ku Blantyre mukaone mmene amawaunjikira m'masaka, koma ambiri amathera kudzala monga mwanenera. Nanga kudzalako chimachitika n'chiyani? Loweruka m'mawa munthu amasesa, n'kuyatsa. Pamenepo ndi pomwe kusiyana kwa PVC ndi PP kumafika pamphuno ya ana anu. Kuwotcha pulasitiki iliyonse n'koipa, sindikuvomereza ayi, koma PP ilibe chlorine. Ndiye kaya botolo lifika kuno kapena lithera kwanu komweko, vinyl ndi woti achoke. Ndipo PP siopa thukuta la m'filiji, simutaya kalikonse kumbali ya maonekedwe.

A Phiri:
Zoonadi, PP imawala bwino kuposa vinyl, ndipo ndi yopyapyala. Kuti muzindikire chimene akupatsani, matulani sitika imodzi muikoke mbali ziwiri. Vinyl amatamuka n'kukhala wofewa ngati chikopa chonyowa. PP imakana kutamuka, ndipo mukaifinya imalira ngati pepala la masiwiti. Vuto lake ndi lakuti imabwera m'mipukutu ya makina ena, si shopu iliyonse ili nayo, ndipo kuitanitsa kunja masiku ano mukudziwa nokha nkhani ya ndalama zakunja. Munthu mmodzi wofuna 300 sangaipeze pamtengo wabwino.

Nachisale:
Tsono ine wagalasi nditani? Mwandisiya panjira.

Aphunzitsi (jamu, Dedza):
Sitinakusiyeni mwanangu, ndimadikira achinyamatawa amalize. Inu ndi ine tili m'gulu limodzi, ndife amwayi, chifukwa galasi limagwirizana ndi pepala wamba. Taonani botolo la Carlsberg. Lebulo lake ndi pepala lomatidwa ndi guluu wamadzi. Botolo likabwerera kufakitale amaliviika m'madzi otentha a soda, pepala limadziyandamira lokha, botolo n'kudzazidwanso. Akanamata vinyl, ntchito yobweza mabotolo ikanafa kalekale.

Ine jamu wanga wa mapichesi ndi sitiroberi ndakhala ndikumata ndi phala la chinangwa chipumireni ntchito. Ndimapala chinangwa chachiwisi, kufinyira pansalu, madzi oyerawo n'kuwasiya adikhe. Pansi pamatsala sitachi yoyera mbee, ndimaiyanika n'kusunga m'botolo. Tsiku lomata ndimatenga supuni imodzi ya sitachi, kusungunula m'kapu ya madzi ozizira, n'kuika pamoto wochepa ndikutakasa. Poyamba imaoneka ngati mkaka, kenako mwadzidzidzi imasintha n'kuoneka ngati choyera cha dzira losaphika. Pamenepo phulani. Ikazizira mumapaka ndi kabulashi kumbuyo kwa pepala, mopyapyala kwambiri, moti chala chikadutsapo chisatenge kanthu. Mukachulutsa pepala limakwinyika. Mumata kuyambira pakati, kusisita ndi kansalu kouma kupita m'mbali. Mawa lake lagwira nganganga.

Botolo likabwerera, ndimangoliponya m'beseni la madzi, ndikamamaliza kusesa pabwalo mapepala ayandama okha.

Ndisakubisireni zovuta zake. Phalali siligona, lopitirira masiku awiri limasasa, muziphika longokwanira tsikulo. Mphemvu zimalikonda, ndinapezapo makona a malebulo atadyedwa m'katoni imene ndinaiiwala kuseri kwa kabati. Ndipo miyezi ya Januwale ndi Febuluwale, kuno ku Dedza chinyontho chake mukuchidziwa, lebulo losauma bwino limachita nkhungu. Mukamata, musalongedze tsiku lomwelo.

Nachisale:
Aphunzitsi, mwandikumbutsa kale, tinkamatira makaiti ndi phala la kondowole. Sindinaganizepo kuti lingagwire pagalasi.

A Phiri:
Limagwira ndithu, ndipo mafakitale ena amagwiritsa ntchito guluu wa sitachi kapena wochokera kumkaka. Ngakhale mkaka weniweni wopaka mopyapyala umamata pepala pagalasi. Chinanso chimene njira ya aphunzitsi imapulumutsa ndi pepala lakumbuyo lija. Anthu sililabadira chifukwa limathera kwa inu omata, kasitomala saliona. Koma pa sitika iliyonse imene mwamata, mwataya pepala lina lalikulu mofanana kapena kuposa. Ndi lopakidwa silicone, n'chifukwa chake limaterera, ndipo opanga mapepala kuchokera ku mapepala akale ambiri salilandira. Kushopu kwanga kuno zodulidwa m'mbali ndi mapepala amenewa zimadzaza thumba sabata iliyonse. Lebulo lomata ndi phala lilibe zimenezi, ndi pepala limodzi basi.

Achimwene a tsabola, inki yanu inayenderera ija inali ya pulinta yamadzi, inkjet. Pulinta ya laser imagwiritsa ntchito ufa umene umawotcheredwa papepala, madzi sausungunula. Ufawo ulinso ndi pulasitiki pang'ono, sindikana, koma ndi kochepa kwambiri poyerekeza ndi sitika yonse.

LACHITATU

Anambewe:
Mwadzuka bwanji. Usiku sindinagone nayo bwino nkhaniyi, ndikufuna ndikuuzeni zimene zinandichitikira. Chaka chatha munthu wina anandigulitsa masitika ndi timapepala toonekera tokulungira sopo, akuti ndi biodegradable, timaola tokha. Ndinalipira mtengo wokwera, ndinalembanso palebulo langa kuti zokulungira zathu zimaola. Mu Novembala, mvula yoyamba itagwa, ndinakwirira zingapo m'dzenje langa la manyowa pamodzi ndi makoko a nthochi ndi masamba a mango. Mu Epulo ndikufukula kuti ndithire m'dimba, masamba onse asanduka dothi lakuda, koma timapepala tija tili gwa, ngakhale dzina la sopo likuwerengeka. Mtima unandipweteka, osati chifukwa cha ndalama zokha, koma kuti ndakhala ndikuuza anthu zabodza ndi dzina langa lili pomwepo. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere.

Wakujoni:
Pepani achemwali. Zimenezo zimachitikira ambiri. Pali mitundu iwiri imene imagulitsidwa ndi dzina limenelo. Wina ndi PLA, pulasitiki yopangidwa kuchokera ku sitachi ya chimanga kapena nzimbe. Imaoladi, koma m'malo apadera opangira manyowa momwe kutentha kumakhala pafupifupi madigiri 58 kwa masabata ambiri. Muyezo wa ku Ulaya wotchedwa EN 13432 umayesera m'malo otero, ndipo umafuna kuti chinthu chikhale chitaphwanyika m'masabata 12. Dzenje lakuseri kwa nyumba silisunga kutentha kotero. PLA imamiranso m'madzi, ndiye ikalowa m'thanki yathu ija imasokoneza PET.

Wachiwiri ndi woipa koposa, pulasitiki wamba yothiridwa mankhwala oti iziphwanyika ikaombedwa ndi dzuwa. Amaitcha oxo. Siola, imangosweka kukhala tizidutswa tosaoneka ndi maso, n'kulowa m'dothi ndi m'madzi. Mayiko a European Union anailetsa kuyambira mu Julaye 2021.

Munthu akakuuzani kuti chimaola, mufunseni kuti chimaolera kuti, m'fakitale kapena m'dzenje lapakhomo? Chilipo chizindikiro cha OK compost HOME choperekedwa ndi bungwe loyeza katundu la TÜV Austria cha zinthu zoola pakhomo. Akuonetseni satifiketi, ndipo muone ngati ikukhudza guluu yemwe, osati chapamwamba chokha.

Anambewe:
Akanakhala kuti ndinafunsa choncho. Safunsa anadya phula.

Aphunzitsi:
Koma inu Anambewe munachita chinthu chanzeru chimene ambiri sitichita, munakwirira n'kudikira. Sopo wanu safuna sitika n'komwe. Dulani pepala lakhaki ngati lamba, zungulizani pakati pa sopo, kadontho kamodzi ka phala pomwe nsonga zakumana. Mbali ziwiri zikhale zotsegula kuti wogula anunkhize. Sopo wopanga pamanja amafunanso mpweya, mukamutsekera m'pulasitiki nthawi yamvula amachita thukuta.

Anambewe:
Zoona, amachitadi thukuta, ndimaganiza kuti ndalakwitsa muyezo wa mafuta. Ndinaonapo mapepala opanga pamanja a bungwe la PAMET ku Blantyre, opangidwa ndi mapepala akale ndi makungwa a nthochi. Kodi amenewo angalowe m'pulinta?

A Phiri:
Pepala lopanga pamanja limakhala lokhuthala mosiyanasiyana ndipo lili ndi tiulusi, makina anga a laser amalitafuna. Limenelo n'loyenera chidindo. Dulitsani chidindo chalabala chokhala ndi dzina lanu ndi chithunzi, mudzadinda masauzande osabweranso kwa ine. Pa sopo chimaoneka bwino kwambiri, ngati katundu wa m'malo ogona alendo kunyanja.

Make Tadala:
Nanga ine bwanji ndingomangirira kakhadi ndi chingwe cha khonje pakhosi pa botolo? Palibe guluu, palibe banga lamafuta.

Nachisale:
Ayi achemwali, pa chakudya musadalire kakhadi kokha. Ine nditayamba kuyendera za satifiketi ku Malawi Bureau of Standards ndinaphunzira za muyezo wa MS 19, wa malebulo a zakudya zolongedza. Pamafunika dzina la chakudya, zimene mwaikamo, kulemera kwake, dzina lanu ndi komwe mumapezeka, nambala ya bachi (gulu la katundu wopangidwa ulendo umodzi) ndi tsiku lothera ntchito. Zolembazo zikhale zowerengeka ndi zosafufutika, ndipo lebulo lisamalekane ndi botolo. Kachingwe kakaduka pashelefu, chiponde chanu chasanduka chopanda mwini. Kakhadi kakhale kongokometsera.

N'chifukwa chake nanenso ndikufuna ndiyese kaye phala la aphunzitsili ndisanasinthe. Lebulo lizichoka ndikaliviika ine, osati m'manja mwa kasitomala.

Wakujoni:
Make Tadala, onani nambala kunsi kwa botolo lanu inunso. Ngati ndi 1, yankho lanu ndi limodzi ndi la achimwene a tsabola. Ngati ndi 5, ndiye PP pa PP, zimagayidwa limodzi popanda vuto lalikulu.

Make Tadala:
Ndaona, ndi 1, chotsekera ndiye 5.

Achimwene a tsabola:
Pali chinthu china chimene chandibwerera m'mutu, ndipo chandisinthitsa maganizo kuposa zonse mwanenazi. Mwezi wa Juni mlamu wanga anandiimbira kuti wagula tsabola wanga pamsika wina, koma ndi wamadzimadzi ndipo akununkha kusasa. Nditapita ndinapeza mabotolo anga enieni, sitika yanga ili chilili ngati yatsopano, koma zam'katimo si zanga. Munthu amatola mabotolo otha, kutsuka, kuthiramo zake. Vinyl uja sasuntha ngakhale utsuke kangati. Ndimanyadira kuti lebulo langa silifa, osadziwa kuti ndi limene likugulitsa katundu wa wina ndi dzina langa. Wina akadwala nazo m'mimba, nambala ya foni ili pamenepo ndi yanga.

Aphunzitsi:
Ndiye mwaona mwanangu. Langa likangolowa m'madzi latha, wofuna kubera ayenera kukasindikiza yekha.

A Phiri:
Inu a tsabola, PP nayonso sifa ndi madzi ozizira, ndisakunamizeni. Chimene chingakutetezeni ndi kalamba kopyapyala kapepala kodutsa pachotsekera mpaka paphewa la botolo, kong'ambika munthu akatsegula. Kapepala, osati kapulasitiki kofinya ndi moto kaja, chifukwa tambiri timene timagulitsidwa totchipa ndi ta PVC.

Ndiyankhe ndi funso limene amayi Nachisale anandifunsa kumbali, chifukwa lithandiza onse. Anafunsa ngati pepala silitha mitengo. Funso loyenera kwa munthu amene njuchi zake zimadya maluwa a mitengo ya m'nkhalango ya Ntchisi. Pa paketi ya mapepala yang'anani chizindikiro cha FSC, kamtengo kokhala ndi chochonga. Ndi bungwe la Forest Stewardship Council, linakhazikitsidwa 1993, limatsimikizira kuti mitengo inachokera m'nkhalango zosamalidwa. Mapepala ambiri a ofesi ochokera ku South Africa amakhala nacho. Koma kugula pepala la FSC sikukupatsani ufulu woika chizindikirocho palebulo lanu. Wosindikiza amayenera kukhala ndi satifiketi yakeyake. Kasitomala wina anandiuza kuti ndingochikopera pa intaneti n'kuikapo, ndinakana, anakwiya n'kupita kwina. Liliponso pepala lopangidwa ndi mapepala akale, limene pagalasi lilibe vuto chifukwa silikhudza chakudya. Koma lisakhudzane ndi chakudya chamafuta, inki yakale ya nyuzipepala imatha kulowa m'chakudyacho.

Anambewe:
Ndinamvanso za pepala la nzimbe. Ndi nzimbe zonse zili ku Nchalo ndi ku Dwangwa zija, bwanji silipezeka?

A Phiri:
Lilipodi pepala lopangidwa ndi zotsalira za nzimbe ikafinyidwa, ndipo ndi labwino. Koma ku Nchalo ndi ku Dwangwa zotsalirazo amasonkhezera moto wa maboila a fakitale. Limene mungalipeze ndi lochokera kunja, loyenda mtunda wautali. Kwa munthu wa mabotolo 200 pamwezi, ine ndingati pepala wamba la FSC kapena lakhaki likukwanirani.

Make Tadala:
Kamodzi kokha, a Phiri. Timasitika tating'ono ta deti tija, tosindikiza ndi kamakina kopanda inki, tili bwanji?

A Phiri:
Ndi pepala lofanana ndi la malisiti a m'sitolo, limada ndi kutentha. Likakhala padzuwa pabenchi, deti imafufutika m'masabata ochepa, ndipo deti yofufutika ndi mlandu. Mapepala ambiri otere amapakidwanso mankhwala oopsa ku thanzi otchedwa BPA, amene ku European Union anawachepetsa mwalamulo m'mapepala amenewa kuyambira mu Januwale 2020. Siyani kabokosi kopanda kanthu palebulo, muzidinda deti ndi bachi ndi chidindo chotembenuza manambala chija. Pa PP mufune inki youma msanga, ya wamba imafufutika ndi chala.

LOWERUKA

Nachisale:
Abale, ndabwera ndi zotsatira. Lachitatu madzulo ndinaphika phala monga ananenera aphunzitsi. Ulendo woyamba ndinachulutsa moto linachita mabulumwa, wachiwiri linatuluka bwino. Ndinasindikiza malebulo asanu ndi limodzi pa laser kuboma, papepala wamba, ndinamata anayi ndi phala, awiri ndi mkaka.

Limodzi ndinaliika padzuwa pakhonde masiku awiri, lili bwinobwino. Lina ndinapaka dala uchi pang'ono n'kupukuta ndi nsalu yonyowa, pepala linadera pang'ono pamenepo koma zolemba sizinasunthe. Awiri ndinawaika m'katoni n'kumupatsa mnyamata wa kabaza kuti ayende nawo tsiku lonse pamsewu wathu wafumbiwu. Apa ndiye panaoneka vuto: mabotolo amakhulana, makona a lebulo limodzi ananyuka. Lero m'mawa ndaviika onse m'beseni. A phala anayandama ndisanamalize kuphika tiyi, a mkaka anachedwerako pang'ono. Galasi lili mbee, osapala ndi mpeni.

Aphunzitsi:
Mwachita bwino mwanangu. Za makonazo, dulani makona akhale obulungira, ndipo onetsetsani kuti phala lafika m'mphepete mwenimweni. M'katoni muziika timakatoni todula pakati pa mabotolo. Ine ndimadula makatoni akale a sopo.

A Phiri:
Ndipo pepala likhale lolemererako, la 90 kapena 100 gsm (muyezo wa kulemera kwa pepala) m'malo mwa 80 ya ofesi. Ndidzakudulirani kuti ulusi wa pepala uyende motsata kuzungulira kwa botolo, likanyowa ndi phala silipindikira kunja. Makona obulungira ndili nacho chodulira chake.

Achimwene a tsabola:
Ine ndaganiza. Masitika a vinyl amene ndili nawo ndimaliza, sindingawataye, koma sindisindikizanso ena. A Phiri, mukanena kuti munthu mmodzi sangaipeze PP pamtengo wabwino, nanga tikaphatikizana? Ine ndi make Tadala tonse ndi a nambala 1. Ndikudziwanso amayi awiri kuno opanga juwisi wa malambe, ndikawauza.

Make Tadala:
Ine ndilipo. Ndimafuna 400 pamwezi nthawi ino mtedza uli wambiri.

Wakujoni:
Mukamafunsa mtengo, mutchule zonse ziwiri, PP ndi guluu wa wash-off, ndipo akupatseni pepala lofotokoza za katunduyo kuchokera kwa wopanga. Mukalilandira lijambuleni munditumizire, ndikaonetsa anzanga a ku labotale kuntchito. Lebulo lisakutenso botolo lonse, siyani malo ambiri oonekera.

A Phiri:
Chabwino, Lolemba ndiyamba kufunsa. Aliyense amene akulowa nawo atenge ulusi, azungulize pamimba pa botolo lake, ayeze pa rula, ayezenso kutalika kwa malo osalala pomwe lebulo limakhala. Munditumizire manambala awiriwo ndi kuchuluka kumene mumafuna pa miyezi itatu. Tikapeza saizi imodzi yokwanira onse, chodulira chikhala chimodzi ndipo mtengo utsika.

Anambewe:
Ine chidindo ndakaitanitsa kale dzulo, mawu aja oti zimaola ndawachotsa. A Phiri, pepala lakhaki lodula ngati lamba, masentimita 5 m'lifupi, mungandidulire 300?

A Phiri:
Ndingathe amayi. Munditumizire sopo mmodzi pabasi kuti ndiyezere pomwepo.